Zimene andiphunzitsa anthu a ku Magomero ndi ku Mbombwe

Magomero ili m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, kumalire a Zomba ndi Chiradzulu. Mukachoka pamenepo nkulowera kummwera mumafika ku Mbombwe, kumene ambiri amangoti ku PIM. Mtunda wake si wautali, wapanjinga akalawirira amafika nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Koma pa kadera kameneka padutsa akapolo omangidwa m'magoli, bishopu wa ku Mangalande, alimi a thonje ogwira thangata, m'busa amene nkhope yake ili pa ndalama zathu, ndi amayi osawerengeka amene ankasinja chimanga chodyetsa onsewa. Ndakhala ndikuwerenga zolembedwa za anthu amenewa ndi kumvetsera zimene akuluakulu a kuderako amasimba. Nazi zimene ndatolapo.

1. Dzina limasungidwa ndi amene wagwira cholembera

Pa 16 Julayi 1861, pamudzi wa Mbame, David Livingstone ndi anzake anakumana ndi mdipiti wa akapolo 84 amene ankapita nawo ku Tete. Owalondera atathawa, anthuwo anawadula zingwe ndi kuwachekera magoli. Bishopu Charles Mackenzie pa nthawiyo anali atapita kukasamba kumtsinje, ndipo pobwera anapeza khamu la anthu omasulidwa likumudikira. Patapita masiku ochepa mfumu Chigunda ya Amang'anja inawalandira ku Magomero, pamene mtsinje unakhota nkusiya kamtunda kotchingika ndi madzi, ndipo mishoni ya UMCA inayambira pomwepo.

Azungu amene anakhalapo timawadziwa mmodzimmodzi: Mackenzie, Horace Waller, Henry Rowley, Lovell Procter, Henry Scudamore, Henry Burrup. Timadziwa pamene anadwala malungo, zimene ankadya, ndi makalata amene ankalembera kwawo. Mackenzie anamwalira pa 31 Januwale 1862 pa kachilumba ka pamathiriro a Ruo, bwato litagubuduzika nkumiza mankhwala ake. Burrup anachita kumunyamula kubwerera naye ku Magomero, kumene anatsirizikira mu Febuluwale, ndipo manda ake alipo mpaka lero.

Nanga anthu 84 aja, ndi ena amene anawonjezekera mpaka kupitirira 150? Ambiri anali amayi ndi ana. Ndiwo ankatunga madzi, kutola nkhuni, kumata nyumba. Ochuluka anafa ndi kamwazi pamalo pomwepo, poti anthu anathithikana pa kamtunda kochepa ndipo madzi anaipa. Mayina awo amene anatsala ndi owerengeka, ndipo anatsala chifukwa mzungu wina anawalemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku, mwina poyamikira, mwina podandaula.

Amishoniwo sindiwaimba mlandu chifukwa cholemba. Pakanapanda iwo, ngakhale owerengekawo tikanawataya. Koma masiku ano ndikatsegula buku lililonse la mbiri ndimayamba ndafunsa kuti, tsiku limenelo anaphika ndani? Amene anasenza wodwala uja anali angati, ndipo kwawo anabwererako?

2. Mwana wopezeka m'goli simudziwa kumene adzafike

Mwa ana amene anamasulidwa m'masiku amenewo munali anyamata awiri achiyao, Chuma ndi Wekotani, komanso kamtsikana dzina lake Daoma, kamene Mackenzie anakanyamula paphewa popita nako ku Magomero. Mu Epulo 1862 mishoni inathawa nkhondo ndi njala nkutsikira kwa Chibisa, ku Chikwawa, ndipo anawa anatsika nawo. Bishopu watsopano, William Tozer, ataganiza zosamutsira mishoni kuphiri la Morambala kenaka ku Zanzibar, sanafune kutenga amayi ndi ana onse amene mishoni inkasunga. Waller anakana kuwasiya. Mu 1864 anatenga gulu lina nkupita nalo ku Cape Town. Daoma anakulira kumeneko, anabatizidwa dzina loti Ann, ndipo anadzakhala mphunzitsi pa nyumba ya ana amasiye ya St George's.

Chuma ndi Wekotani njira yawo inali ina. Livingstone anawakweza sitima ya Lady Nyassa nkuwoloka nawo nyanja yamchere mpaka ku Bombay, kumene anawasiya pasukulu. Mu 1866 anawatenganso pa ulendo wake womaliza. Wekotani anatsalira kwa Mponda, ku Mangochi, atanena kuti wapeza abale ake. Chuma anapitirira. Livingstone atamwalira pamudzi wa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, mu Meyi 1873, Chuma ndi mnzake Susi ndiwo anatsogolera anzawo kuumitsa mtembo padzuwa, kuukulunga, ndi kuusenza miyezi 9 mpaka ku Bagamoyo, kugombe la nyanja yamchere. Aliyense wodziwa mwambo wa maliro angamvetse kulemera kwa ntchitoyi. Kudutsa ndi mtembo m'midzi ya eni ake sinali nkhani yamasewera, ndipo pena ankachita kuubisa kuti uoneke ngati mtolo wa nsalu. M'gululo munalinso amayi, mmodzi mwa iwo Halima, amene ankaphikira Livingstone.

Pamaliro a ku Westminster Abbey mu Epulo 1874 Chuma ndi Susi panalibe. Anafika ku Britain mwambo utatha kale. Koma Waller, yemwe uja wa ku Magomero, atakhala pansi kuti akonze mabuku omaliza a Livingstone, anadalira iwowa kuti amufotokozere za masiku otsiriza a mkuluyo. Zimene dziko lonse limadziwa za imfa ya Livingstone zinachokera kwambiri pakamwa pa anthu awiriwa. Pambuyo pake Chuma anatsogolera amtengatenga pa ulendo wa Joseph Thomson wa 1879 mpaka 1880, ndipo anamwalira ku Zanzibar mu 1882 akadali ndi zaka zochepa. Kusukulu ana athu amaloweza za Livingstone. Ndikanakonda akanamalowezanso za mnyamata uyu, amene anayambira moyo wake wachiwiri m'mbali mwa Namadzi.

3. Palibe mtundu wa olakwa okhaokha kapena wa olakwiridwa okhaokha

Amishoni anafika ndi maganizo oti Ayao ndiwo ogwira akapolo, Amang'anja ndiwo ogwidwa. Nchifukwa chake mu Ogasiti 1861 anatenga mfuti nkukathandiza mafumu a Amang'anja kuthira nkhondo midzi ya Ayao, natentha nyumba. Sipanapite nthawi, Rowley anazindikira kuti ambiri mwa anthu amene ankawasunga pa Magomero anali Ayao, kuti Ayao ambiri m'deralo anali othawa nkhondo ndi njala kwawo kum'mawa, ndiponso kuti mafumu ena a Amang'anja nawo ankagulitsa anthu.

Olemba mbiri ambiri amati John Chilembwe mwini, wobadwira ku Sangano m'boma la Chiradzulu cha m'ma 1871, bambo ake anali Myao ndipo mayi ake anali Mmang'anja wogwidwa pankhondo. M'midzi ya kuderali lero mumapeza banja limodzi agogo aamuna ndi Ayao, agogo aakazi ndi Amang'anja, mkamwini ndi Mlomwe. Andale akabwera nthawi ya chisankho nkumatiuza kuti mtundu wakuti ndiwo unatilakwira, ine ndimakumbukira mfuti za mu Ogasiti 1861 ndi nyumba zimene zinapsa chifukwa cha maganizo omwewo.

4. Njala imasamutsa anthu kuposa mfuti

Chimene chinathetsa midzi ya Amang'anja yozungulira Magomero sinali nkhondo yokha. Mvula ya 1862 inakanika, ndipo m'chaka chotsatira amishoni kwa Chibisa ankaona mitembo ikuyandama mu Shire. Njala ya 1912 ndi 1913 inawonjezera anthu owoloka malire kuchokera ku Mozambique kudzafuna chakudya ndi ntchito. Ya 1949 akuluakulu ena akuikumbukirabe. Megan Vaughan, polemba buku lake la 1987 lonena za njala imeneyi m'boma loyandikana la Blantyre, anamvetsera nyimbo za pamtondo, ndipo m'menemo anapeza zimene malipoti a boma sanalembe: amuna ambiri amene anapita kukasuma sanabwerere, ndipo amayi ndiwo anatsala ndi ana, kukumba mizu ndi kugwira maganyu. Mukafunsa nkhalamba kuti banja lawo linafika liti pamudzi umene lili, kawirikawiri siikuuzani chaka. Imakuuzani njala.

5. Pepala la malo ndi khasu sizinali m'dzanja limodzi

Phunziro ili ndilo limandiwawa kwambiri. Mwana wamkazi wa Livingstone, Agnes, anakwatiwa ndi Alexander Low Bruce wa ku Scotland. Bruce anagula malo a Magomero, maekala pafupifupi 169,000, mwa zina chifukwa dzina la apongozi ake linali lomangika ku malowo. Anamwalira mu 1893 asanapondepo phazi m'dziko muno. Malowo anatsala m'manja mwa ana ake, makamaka Alexander Livingstone Bruce, ndipo woyang'anira esiteti tsiku ndi tsiku anali William Jervis Livingstone. Pamalo pomwe paja pamene anthu anamasulidwa ku magoli, mbadwo wotsatira unamangidwa ndi thangata, ndipo dzina la pakhomo linali lomwelo.

Khofi atakanika anabzala thonje, ndipo thonje limafuna manja ambiri m'dzinja, nthawi yomweyo imene munthu ayenera kupalira munda wake. Manjawo anapezeka mwa Alomwe, amene anayamba kulowa mwaunyinji chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 pothawa msonkho, ntchito yokakamiza ndi nkhanza za Apwitikizi. Anthuwa analibe malo awoawo kuno. Wothamangitsidwa pa esiteti analibe kolowera, ndipo eni esiteti ankadziwa zimenezi. Pamgwirizano, mwamuna ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, umene pofika 1912 unali masheleni 8, koma 4 kwa amene wagwirira ntchito mzungu. Zochitika zinali zina. Masiku a pa tikiti ankawawerenga mokomera esiteti, amene sanamalize ndime tsiku lake silinkalembedwa, ndipo miyezi iwiri ija inkatha kukhala inayi kapena isanu. Malipiro pena ankakhala fodya m'malo mwa ndalama. Amayi amasiye ndi osakwatiwa nawonso ankawakakamiza kulowa m'munda. Chikoti chinalipo. Bruce analetsa sukulu ndi matchalitchi pamalo ake, ndipo nyumba zopemphereramo zimene akhristu a PIM anamanga, zaudzu, zinatenthedwa.

Zambiri mwa izi zinanenedwa pamaso pa komiti yofufuza imene boma linakhazikitsa mu 1915, nkhondo ya Chilembwe itatha, ndipo lipoti lake la 1916 linavomereza kuti anthu pa esiteti ya Bruce ankazunzika. Koma linakankhira mlandu kwa William Jervis Livingstone, amene anali atafa kale, ndipo thangata inapitirira. Lamulo la 1928 linangoikonza pang'ono. Boma linagula gawo lalikulu la malowo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, ndipo thangata inathetsedwa mwalamulo mu 1962. Kuyambira pamene Alomwe anafika mpaka chaka chimenecho ndi zaka zoposa 60, mibadwo itatu ya anthu olima malo amene sakanatha kuwatchula kuti awo.

Komabe anthu omwewo ndiwo anapanga Magomero kukhala mudzi. Anaswa mphanje, anabzala nandolo ndi chinangwa, anakwatira ndi kukwatiwa, anaika akufa awo m'manda. Mbumba zinakula kutsata amayi, ndipo midzi yambiri ya lero mizu yake ndi mayi wina amene anafika ndi dengu pamutu ndi mwana kumsana. Chiradzulu lero ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'Malawi. Mukamva abale akukangana kwa amfumu chifukwa cha mizere itatu ya m'malire, musafulumire kuwanena kuti ngoumira. Mkangano umenewo uli ndi agogo ake.

6. Chipongwe chaching'ono cha tsiku ndi tsiku chimasonkhezera moto

Pa komiti yofufuza ija, anthu akuda ophunzira, monga abusa Harry Matecheta ndi Stephen Kundecha a mishoni ya Blantyre, anaperekera umboni. Nkhani ina imene inkabwerezedwa pamaso pa komitiyo inali ya chipewa. Munthu wakuda akakumana ndi mzungu panjira ankayenera kuvula chipewa, ndipo mzunguyo nthawi zambiri sankayankha nkomwe moni. Wina angati nkhani ya chipewa njochepa poyerekeza ndi thangata. Koma thangata inali ndi nyengo yake, pamene kunyozedwa kunali kwa tsiku lililonse, pamaso pa mkazi wako ndi ana ako. Samson Kambalu anaimvetsa nkhaniyi. Chiboliboli chake chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu Seputembala 2022, anachitengera pa chithunzi cha 1914 cha Chilembwe ndi mmishoni John Chorley, Chilembwe ali chivalire chipewa. Amene tili ndi antchito pakhomo, kapena timakhala kuseri kwa tebulo mu ofesi anthu ali pamzere, phunziroli ndi lathu.

7. Chilembwe sanali yekha, ndipo amene anafa si otchuka okha

Munthu amene timamuona pa K500 ndi pa K2000 anayamba ngati wantchito wa m'nyumba ya mmishoni Joseph Booth mu 1892, kuphika ndi kulera mwana wa Booth, Emily. Mu 1897 anapita naye ku America, anakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, ndipo mu 1900 anabwerera nkuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mothandizidwa ndi National Baptist Convention. Izi pa 15 Januwale, tsiku lokumbukira Chilembwe, timazimva chaka ndi chaka.

Zimene sitimva kawirikawiri ndi za anthu omuzungulira, pajatu mutu umodzi susenza denga. Panali mayi Ida Chilembwe, amene ankaphunzitsa amayi ndi atsikana kusoka, ndipo anamwalira ndi mliri wa chimfine wa 1918 atatsala yekha ndi ana. Panali Landon Cheek ndi Emma DeLany, anthu akuda a ku America amene anathandiza kuyala maziko a sukulu m'zaka zoyambirira. Panali John Gray Kufa, wothandiza dokotala wophunzitsidwa pa mishoni ya Blantyre, munthu amene azungu a ku Scotland ankamunyadira, ndi Duncan Njilima, wamalonda amene anatumiza ana ake kukaphunzira ku America. Awiriwa anali ndi minda, ndalama ndi ulemu, zinthu zoti akanatha kuziteteza pongokhala chete, koma onse anaphedwa ndi boma nkhondo ya Chilembwe ya 1915 itatha. Panali David Kaduya, amene anatsogolera ankhondo, ndi Filipo Chinyama ku Ntcheu. Ngakhale nkhope ya Chilembwe timaidziwa chifukwa cha anthu ngati Mungo Murray Chisuse, wosindikiza mabuku pa mishoni ya Blantyre, amene anajambula zina mwa zithunzi zake. Ndipo kumbuyo kwa onsewa kunali anthu wamba mazana, ambiri mwa iwo Alomwe ndi Ayao a pa esiteti ya Bruce, amene anaumba njerwa za tchalitchi chachikulu cha ku Mbombwe, nadzanyamula mikondo usiku wa pa 23 Januwale 1915.

Za usiku umenewo ndiyenera kunena zonse. William Jervis Livingstone anaphedwa m'nyumba mwake nkudulidwa mutu, mkazi wake Kitty ndi ana akuona, ndipo mutuwo unali m'tchalitchi ku Mbombwe pa mapemphero a Lamulungu. Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson anaphedwanso. Amayi achizungu ndi ana awo anatengedwa koma sanawapweteke, ndipo anawabweza ali amoyo, monga Chilembwe analamulira. Ku Mwanje wantchito wina wakuda amene anakana kulowa m'gululo anaphedwa. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ya Nguludi inatenthedwa, wansembe anavulazidwa kwambiri, ndipo mtsikana wina wakuda anafera m'motomo. Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale kufupi ndi malire a Mozambique, kudera la Mulanje. Boma linapha anthu pafupifupi 40 litawazenga milandu mothamanga, linatsekera m'ndende pafupifupi 300, linaphulitsa tchalitchi cha njerwa chija, ndipo azungu odzipereka kunkhondo anayenda m'midzi kutentha nyumba za anthu amene ena mwa iwo sanadziwe nkomwe za chiwembucho.

Ine Chilembwe ndimamulemekeza. Kalata imene analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, nkhondo ya ku Karonga itangochitika, yodandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni chuma nkusiya amasiye, inali ya munthu amene anayesa kulankhula asananyamule chida. Boma linaitsekereza. Koma ulemu wangawo sundilola kuiwala wantchito wa ku Mwanje ndi mtsikana wa ku Nguludi. Iwonso anali anthu a m'dera lomweli, ndipo pa mwambo wa pa 15 Januwale sindinamvepo akuwatchula.

8. Womanganso amaiwalika msanga kuposa wogwa pankhondo

Kuyambira 1915 PIM inali yotsekedwa, ndipo kudziwika kuti ndiwe wa mpingo wa Chilembwe kunali kuitana mavuto. Komabe anthu ena anapitiriza kupemphera mobisa kwa zaka zoposa 10. Amene anadzatsegulanso mishoni ndi Daniel Sharpe Malikebu, mnyamata wa pasukulu ya Mbombwe amene anatsatira Emma DeLany ku America, nakaphunzira udokotala pa Meharry Medical College. Atafuna kubwerera mu 1921 boma la atsamunda linamukaniza, ndipo anakadikira ku Liberia. Analoledwa mu 1926, nafika ndi mkazi wake Flora. Anapeza mabwinja. Anamanga tchalitchi china pafupi ndi zidutswa za chakale, anatsegula sukulu, anayamba kuthandiza odwala, ndipo anatsogolera mpingowo zaka zambirimbiri, maso a boma ali pa iye.

Ntchito yotere ilibe tsiku limodzi loti nkulikumbukira. Ndi ya kupempha chilolezo, kukanidwa, kupemphanso, kuwerenga njerwa. Koma ikanapanda kuchitika, bwenzi lero ku Mbombwe kuli tchire, ndipo atsogoleri athu akanasowa pokaika nkhata za maluwa.

9. Zapakamwa zimafa ndi mwini wake ngati palibe wofunsa

Zina mwa zimene timadziwa za masiku omaliza a Chilembwe zinapulumukira m'ndende. George Simeon Mwase ali m'ndende ya Zomba anakumana ndi Wallace Kampingo, mmodzi mwa anthu a Chilembwe amene anali akugwirabe ukaidi, ndipo mu 1932 analemba zimene anamva. Zolembazo zinagona m'mafailo a boma mpaka Robert Rotberg anazisindikiza mu 1967. George Shepperson ndi Thomas Price anatulutsa buku lawo lalikulu, Independent African, mu 1958, ndipo D.D. Phiri analemba lake kuti Amalawi aiwerenge nkhaniyi kuchokera kwa mnzawo. Landeg White, polemba Magomero: Portrait of an African Village la 1987, sanakhutire ndi makalata a amishoni. Anakakhala pamphasa ndi nkhalamba za m'midzimo, amuna ndi amayi, nazifunsa za thangata, za njala, za maukwati. Ndipo mu 2015 John McCracken anasindikiza maumboni a komiti ya 1915, kuti mawu a anthu aja amveke monga anawalankhulira.

Amene White anacheza nawo ambiri anatisiya. Amene anagwira thangata ndi manja awo, kapena anaona njala ya 1949 ali ozindikira, lero ali ndi zaka zoposa 80, ndipo chaka chilichonse akucheperachepera. Zimene ali nazo m'mutu ku National Archives ku Zomba kulibe, ngakhale ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala. Kumeneko mukapeza dzina la bwana wa esiteti ndi kulemera kwa thonje limene linagulitsidwa. Dzina la kapitawo amene ankakhululukira odwala, kapena amene ankamenya kuposa mzungu, la mayi amene anabisa mwamuna wake m'nkhokwe asilikali akusaka anthu, la mzamba amene anabadwitsa mudzi wonse, amenewa ali ndi agogo anu okha.

Choncho inu a ku Chiradzulu, a ku Zomba, a ku Phalombe, ndi inu a kwina kulikonse kumene kuli nkhalamba pakhonde, musadikire maliro kuti mukamve mbiri ya banja lanu ikuwerengedwa mothamanga pamanda. Pitani sabata ino ndi kope ndi cholembera, kapena foni yojambula mawu. Afunseni kuti mbumba yanu inachokera kuti, inawoloka mtsinje uti, anatsogolera ndani, anawalandira ndi mfumu iti, ankalima munda wa yani. Afunseni agogo aakazi paokha, amalume asanabwere kudzawayankhira, ndipo akayamba nyimbo ya pamtondo musawadule. Lembani dzina lililonse limene atchule, la mudzi ndi la munthu, pamodzi ndi tsiku limene mwafunsalo. Mukatha, kope lina mukasiye kwa mwini mbumba, lina kwa aphunzitsi a mbiri pasukulu ya kwanuko.